Ulendo wa ku Mulanje: Mlendo Amafika ndi Chiyani M'manja?

M'kope lino tikufuna tikutengeni pa ulendo umene tidayenda pa tchuthi chapitachi, kuchoka kwathu kunyanja kukafika patsinde pa phiri la Mulanje. Sitidapite kukaona malo ayi. Chidatinyamula ndi nkhani ya munda, ndipo tikhulupirira kuti nkhani yotere idagogodapo kale m'makomo ambiri mwa inu.

Kwathu ku Mangochi tili ndi anansi amene anthu amangowatchula kuti "a ku Mulanje". Bambowa adabwera ndi banja lawo pa ndondomeko ya Kudzigulira Malo, imene pakati pa 2004 ndi 2011 idathandiza mabanja oposa 15,000 osowa polima, ena mwa iwo ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, kupeza malo ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Ntcheu. Banja lililonse linkapeza mahekitala pafupifupi awiri. Kwa anansi athuwa, umenewo ndiwo munda woyamba m'moyo mwawo woti angaime pakati pake n'kuloza malire popanda kuponda chimanga cha mnzawo.

Tsono mwana wawo wachisamba, amene tidamuphunzitsa pamadrasa pathu ali wamng'ono, lero ndi mnyamata wa zaka 19 ndipo mtima wake wonse uli ku Joni. Pasipoti alibe, Folomu 4 sadamalize, ntchito yamanja sadziwa iliyonse. Wagalimoto wina wotengera anthu ku South Africa adamulonjeza kuti malire onse akamuolotsa bola ndalama, ndipo ndalamazo mnyamatayo ankati zipezeke popinyolitsa theka la munda kwa wakatapila. Bambo ake adafika pakhomo pathu madzulo ena nati: "A Mwalimu, ine mawu andithera. Mwanayu akuti akatsazike agogo ake ku Mulanje. Tiperekezeni, mwina panjira angamve za inu."

Tiyi uku ndi uku

Tidanyamuka m'bandakucha titatha Swala, titamanga kathumba ka usipa ndi utaka wouma, pakuti munthu wa kunyanja safika pakhomo pa eni chimanjamanja. Tidadzera ku Liwonde ndi ku Zomba, ndipo ku Limbe tidakwera minibasi ya msewu wa Midima. Munthu ukangodutsa pa Nkando phiri limayamba kukula pamaso pako mpaka kutseka theka la thambo. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibe phiri lina lofika pamenepo. Ife ozolowera mchenga ndi milambe tidangoti kukamwa yasa, kamphepo kozizira kakutilowa m'malaya.

Koma chogwira maso kwambiri ndi tiyi. Kuchokera pa Chitakale mpaka kumalire a Muloza, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, minda ya tiyi yayala uku ndi uku ngati mkeka wobiriwira. Zikwangwani zili ndi mayina amene ambiri a ife tidangowamva pawailesi: Lauderdale, Esperanza, Mimosa, Ruo, Lujeri. Mbewuyi idayamba kulimidwa kuno mu 1891 ndi Mzungu wina dzina lake Henry Brown, amene adakaitenga ku mishoni ya Blantyre, ndipo dziko lathu ndi limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulima tiyi wa malonda. Amayi ndi abambo amathyola timasamba tiwiri tanthete ndi kansonga kake, kuponya m'dengu la kumsana, kenaka kukayezetsa pasikelo. Nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka kwambiri, makampani a tiyi m'dziko muno amalemba anthu pafupifupi 50,000. Chilimwe chikafika ambiri amapumitsidwa.

Ukasiya msewu waukulu n'kulowa kumidzi, maonekedwe amasintha. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'bomali, pamene gawo lalikulu la nthaka ndi phiri ndi maesiteti. Nyumba zimachita kugundana madenga, chimanga ndi nandolo zimadzalidwa mpaka pakhonde, ndipo ena adakwera ndi khasu m'malo otsetsereka ndi m'mphepete mwa mitsinje, mmene namondwe wa Freddy adakokolola nyumba ndi anthu mu Marichi 2023. Anansi athu adaloza kamunda kena nati: "A Mwalimu, kwanu munda mumayeza ndi chingwe. Kuno timayeza ndi mapazi." Apa tidadzifunsa kuti kodi zidatheka bwanji kuti anthu amene manja awo adadzala chuma chonsechi atsale ndi gawo lochepa chotere?

Amene adafika ndi khasu

Yankho tidalipeza pamkeka pa agogo. Iwo ndi mayi wopitirira zaka 80, maso ayamba kuchita khungu koma mutu ukadali wakuthwa. Adatilandira ndi chinangwa chophika ndi kalongonda, nyemba zija Alomwe amaziphika tsiku lathunthu. Atamva za ulendo wa ku Joni sadakalipe. Adangogwira mdzukulu wawo padzanja nati: "Ulendo suyamba ndi iwe ayi. Bambo anga adaoloka Ruo ali kamnyamata, atasenza mphika ndi khasu, kuthawa Apwitikizi."

Kwawo kwenikweni kwa Alomwe ndi kumapiri a Namuli m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 adayamba kuoloka mwaunyinji, kuthawa nkhondo za Apwitikizi, njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza yotchedwa chibalo. Kalembera wa atsamunda adawapeza pafupifupi 120,000 mu 1921, ndipo pofika 1945 adali pafupifupi 380,000. Tsoka lake adafika nthaka yabwino ya Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu itagawidwa kale kwa Azungu ndi mapepala amene bwanamkubwa Harry Johnston adapereka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1890. Mapepalawo ankateteza pang'ono midzi imene idapezeka kale pamalopo kuti isalipire lendi, koma wobwera pambuyo adalibe chitetezo chilichonse. Iye ankaloledwa kumanga nyumba ndi kulima kamunda pa esiteti, malipiro ake n'kugwirira ntchito mwini malo: mwezi wina wa lendi, mwezi wina wa msonkho, ndipo kawirikawiri mwezi wa kapitawo unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba. Imeneyo ndiyo thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana.

"Ukakana ankakuthamangitsa," adatero agogo. "Nanga upita kuti? Kumbuyo kuli Mpwitikizi, kutsogolo kuli Mzungu. Unkangoweramitsa mutu." Thangata idali imodzi mwa madandaulo amene adautsa John Chilembwe mu 1915, koma idatha mu 1962, agogowa ali kale pabanja. Ngakhale dzina lawo lenileni adachita kulimenyera: ankatchedwa ndi dzina lonyoza lakuti Anguru, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake adakhazikitsa bungwe la Alomwe mu 1943 n'kupempha boma kuti lileke kulemba dzinalo.

Lero Alomwe ndi nzika zenizeni. Pa kalembera wa 2018 adali mtundu wachiwiri kukula, anthu pafupifupi 19 mwa 100 alionse. Mmodzi mwa ana awo, Bingu wa Mutharika wa ku Thyolo, adalamulira dziko lino kuyambira 2004 mpaka 2012, ndipo chiyambire 2008 amasonkhana pa Chonde pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe kuvina tchopa. Koma kutha kwa thangata sikudabwere ndi minda. Pachilomwe munda umatsata ana aakazi, ndipo wa agogowa, umene sukwana ekala imodzi, wagawidwa kwa ana aakazi anayi, amene nawonso ali ndi ana awo aakazi. Malipiro a m'tiyi akhala akukwezedwa, makamaka chiyambire 2016 pamene eni makampani ndi bungwe la antchito adayamba kusainirana mgwirizano wa malipiro, komabe ndalama ya tsiku imathera pa ufa wa tsiku lomwelo. Siisanduka mpamba.

Ife Ayao a kunyanja tisadzikweze tikamva izi. Makolo athu nawonso adachokera ku Mozambique komweko zaka makumi angapo Alomwe asanabwere, ndipo mafumu ena a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda adakhazikika patsinde pa phiri lomweli. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adafika nthaka isanalembedwe papepala.

Amene adafika ndi buku la ngongole

M'mawa mwake tidapita pamalo ena a malonda kukagulira agogo shuga ndi chitenje. Pamenepo pali mzere wa nyumba zakale za njerwa, za makonde aakulu okhala ndi mizati, malata ake ochita dzimbiri. Zina ndi magolosale, ina akuonetseramo mpira, ina yangotsekedwa. Pakhonde la imodzi tidapeza atelala achikulire akupalasa makina awo, ndipo titalonjerana adatiuza kuti: "Awa adali masitolo a Amwenye. Ine ndidayambira pakhonde lomweli ndili mnyamata, kusokerera mabatani."

Amwenye adayamba kufika m'dziko muno m'zaka zomwezo Alomwe ankaoloka Ruo. Ambiri adachokera kuchigawo cha Gujarat ku India, ochuluka mwa iwo Asilamu, ena Ahindu. Ankadzera padoko la Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo, ndipo njanji itafika ku Blantyre mu 1908 kudzera pa Luchenza ndi Limbe, masitolo awo adatsata njanji ndi misewu ya kumaesiteti. Tisaganize kuti adafika ndi masutikesi a ndalama. Ambiri adali anyamata osauka a kumudzi. Koma mnyamata wotere ankafikira kwa amalume ake kapena kwa munthu wa kumudzi kwawo, n'kugwira ntchito m'sitolo zaka zingapo akuphunzira Chinyanja, mitengo ya katundu ndi kalembedwe ka buku la ndalama. Akakhwima, wopikulitsa katundu wa ku Limbe ankamupatsa nsalu, mchere, sopo, palafini ndi makasu pangongole, iye n'kukatsegula kasitolo kake kumudzi. Chikole chake chidali dzina la banja lake, pakuti akadathawa ndi ngongole palibe akadamukongozanso kuyambira ku Limbe mpaka ku India. Tsiku la malipiro pa esiteti, ndalama ya wothyola tiyi inkathera pakauntala pake.

Kunena chilungamo, malamulo a atsamunda adawathandizanso. Ankaika Mzungu pamwamba, Mmwenye pakati, munthu wakuda pansi, ndipo padali lamulo lakuti wokongoza munthu wakuda katundu wochuluka sangathe kukamusumira kukhoti, choncho opikulitsa sankafuna kumukongoza. Mpikisano sudali wofanana.

Pofika 1966 Amwenye adalipo pafupifupi 11,000 m'dziko muno. Kenaka mphepo idatembenuka. Kuyambira 1970 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula kuti achoke m'madera a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Mabanja amene ana awo adabadwira kuseri kwa masitolo amenewa adalongedza. Ena adapita ku Limbe, ambiri adapita ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester, pakuti adali ndi mapasipoti a dzikolo. Nyumba ndi makasitomala adasiya, koma luso la malonda, abale ndi pasipoti adanyamula. Mmodzi mwa ana obadwira m'Malawi muno, Iqbal Sacranie, adadzakhala mlembi wamkulu wa Muslim Council of Britain kuyambira 2002 mpaka 2006. Lamulo lija lidatha mphamvu pobwera ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, koma obwerera kumidzi adali ochepa.

Tidafunsa atelala aja kuti sitoloyo idatani eni ake atachoka. "Adagula ndi mkulu wina wa konkuno, munthu wakhama ndithu," adayankha. "Koma chisanathe chaka mashelefu adauma. Nyumba adagula, koma ngongole ya ku Limbe sadagule nayo pamodzi." Atatero adanyamula sizasi yawo yakale n'kuonetsa mnyamata wathu uja. "Bwana uja adali wouma manja pa malipiro, sindinganame. Koma adandilola kuonerera podula nsalu. Sizasi iyi ndiyo yaphunzitsa ana anga asanu."

Onani tsono magulu awiriwa, abale. Onse adafika nthawi imodzi, pansi pa phiri limodzi, onse osauka, onse akhama. Mlomwe ankadzuka kusanache ndipo palibe anganene kuti adali waulesi. Kusiyana kudali pa zimene aliyense adafika nazo m'manja, ndi pa malo amene lamulo lidamuika. Mlomwe adapeza dziko koma popanda munda wokwanira ndi mpamba, ndipo zidzukulu zake zikuyezabe munda ndi mapazi. Mmwenye adapeza chuma koma popanda mizu, ndipo lamulo limodzi lidamuzula.

Malta ndi Palestine

Madzulo tili pamoto, mnyamata uja adatsegula pakamwa. "A Mwalimu, zonsezi ndi zakale, ndiponso ndi za kuno. Kunja n'kwina. Wopita kunja amabwera ndi galimoto." Choncho tidamuuza za mitundu iwiri ya m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean imene idamwazikira kunja m'zaka zofanana, kuti aone ngati kunja n'kwinadi.

Tili kukoleji tikuphunzira Chiarabu, aphunzitsi athu adatidabwitsa potiuza za Malta. Anthu ake ndi Akatolika, koma chiyankhulo chawo chidachokera ku Chiarabu, ndipo Mulungu amamutchula kuti Alla. Dziko lonselo ndi zilumba zochepa kuposa phiri la Mulanje, ndipo lidalandira ufulu kwa Angerezi pa 21 Sepitembala 1964, chaka chimodzimodzi ndi ife. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, vuto lawo lidali ngati la kwa agogo: anthu ambiri, nthaka yochepa ndiponso ya miyala, ntchito zosowa. M'zaka pafupifupi 30 zotsatira adachoka anthu okwana 140,000, pa dziko limene linali ndi anthu ongopitirira 300,000. Oposa theka adapita ku Australia, ena ku Britain, Canada ndi America.

Chofunika kuona ndi kachokedwe kawo. Mu 1948 boma lawo lidasainirana mgwirizano ndi Australia wothandiza kulipira ulendo, ndipo kuyambira 1950 tchalitchi chawo chidali ndi nthambi yothandiza osamuka. Ambiri adali anthu a sukulu yochepa, ndipo adakagwira ntchito zolemetsa m'mafakitale a ku Melbourne ndi Sydney, kapena opanga magalimoto ku Detroit. Koma adafika ndi mapepala owalola kugwira ntchito, kugula nyumba ndi kukhala nzika. Sadatchuke ndi chuma chambiri, koma ambiri adagula nyumba zawozawo ndi kuphunzitsa ana, ndipo pa kalembera wa ku Australia wa 2021 anthu pafupifupi 200,000 adati makolo awo ndi a ku Malta. Amene adatopa adabwerera, pakuti zilumba zawo zidali zawobe. Malta idalowa m'gulu la European Union mu 2004, ndipo tsopano ndiyo ikulandira antchito ochokera kunja.

M'chaka chomwecho cha 1948, anthu a ku Palestine oposa 700,000 adathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo pa nkhondo imene idabwera pokhazikitsa dziko la Israel. Iwo adalibe mgwirizano wowalandira, ndipo sadaloledwe kubwerera. Bungwe la United Nations lotchedwa UNRWA, limene lidakhazikitsidwa mu 1949, lili ndi mayina a othawa kwawo pafupifupi 6 miliyoni pamodzi ndi zidzukulu zawo, ndi misasa 58. Anthuwa amadziwika ndi kukonda sukulu, pakuti kholo limene lataya munda limaika chuma chake m'mutu mwa mwana. Komabe moyo wawo udasiyana kutalitali, malinga ndi dziko limene adagwerako.

Ku Chile kuli anthu zikwi mazana angapo amene makolo awo adachokera ku Bethlehem ndi Beit Jala, ambiri Akhristu, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Adayamba ndi kuyenda ndi nsalu khomo ndi khomo, kukongozana pachibale monga Amwenye a ku Limbe, ndipo poti lamulo lidawalola unzika ndi katundu, banja lina la Yarur lidafika pokhala ndi fakitale yaikulu ya nsalu ndi banki m'zaka za m'ma 1930. Timu yawo ya mpira, Palestino, ilipo chiyambire 1920. Ku Jordan ambiri adapatsidwa unzika ndipo adalowa m'malonda ndi m'ntchito zosiyanasiyana. Koma ku Lebanon, kumene kuli misasa 12, mwana wa ku Palestine ngakhale aphunzire chotani saloledwa ntchito monga udokotala ndi uloya, ndipo lamulo la 2001 limamuletsa kugula nyumba kapena malo. Ambiri ali pa umphawi mpaka m'badwo wachinayi. Ku Kuwait adalipo pafupifupi 400,000 chisanafike chaka cha 1990, aphunzitsi, mainjiniya ndi alembi olandira bwino, koma opanda unzika. Nkhondo ya 1990 mpaka 1991 itachitika, ambiri adachoka kapena kuchotsedwa, zaka makumi a thukuta n'kuthera pomwepo.

Tidamufunsa mnyamata uja kuti atiuze ngati akuona kusiyana ndi zimene adaona masana. Wa ku Lebanon ali ngati bambo a agogo ake: kumbuyo kulibe kobwerera, kutsogolo lamulo silimulola kukhala ndi chake. Wa ku Kuwait ali ngati mwini sitolo ija mu 1978. Ndipo wa ku Malta wosadziwa bwino kulemba, koma wokhala ndi mapepala ndi kwawo, adagona tulo tabwino kuposa wa ku Palestine wa madigiri wopanda pasipoti. Mtundu ndi umodzi ku Chile ndi ku Lebanon, khama ndi lomwelo. Chosiyana ndi pepala.

Mafunso anayi kwa makolo

Sitikunena kuti ana athu asapite kunja ayi. Nyumba zambiri za malata za m'mbali mwa nyanja zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni, monganso agogo athu adabwera ndi njinga ndi mabulangete a ku Theba, ulendo wa kumigodi usanatsekedwe mu 1988. Koma a ku Theba ankapita ndi pangano lolembedwa. Lero pasipoti ya Malawi imalola munthu kucheza ku South Africa masiku 30 okha, ndipo si chilolezo chogwirira ntchito. Wopanda mapepala bwana amamulipira mmene wafunira, podziwa kuti sangakadandaule kulikonse, ndipo akagwidwa amakadikira kumalo osungirako obwezedwa kwawo a Lindela. Imeneyo ndi thangata ya masiku ano. Tikumbukirenso chaka cha 2008 ndi cha 2015, pamene alendo ankamenyedwa m'mizinda ya kumeneko, ndipo mabasi a boma adabweza abale athu, ambiri a ku Mangochi, atangonyamula jumbo.

Tsono mwana akanena za ulendo, tisayambe ndi kufunsa mtengo wa galimoto. Choyamba timufunse ngati ali ndi mapepala oona. Chachiwiri, ali ndi luso lanji limene wapolisi sangamulande panjira, kaya kusoka, kuwotcherera zitsulo, kumanga kapena satifiketi ya sukulu. Chachitatu, akafikira kwa yani, ndipo munthuyo akamuphunzitsa ntchito kapena akangomupatsa pogona. Chachinayi, zikakavuta abwerera kuti? Ndipo ife otsala tiphunzirepo pa buku la ngongole lija: achibale amene amakongozana mpamba mokhulupirika, n'kubweza pa nthawi yake, amakwezana onse. Mutu umodzi susenza denga.

Pobwerera

Mlandu wa munda sitidaweruze ndife. Tsiku lotsazika, agogo adaitana mwana wawo ndi mdzukulu wawo pamodzi nati: "Bambo anga adafa opanda munda wawowawo. Ine ndakalamba pa kachigamba aka. Iwe mwana wanga ndiwe woyamba m'banja lathu kukhala ndi malo oti mwana akalephera kwina abwererepo, ndiye mukufuna kuwapereka kwa wakatapila chifukwa cha mpando wa m'galimoto? Apite ngati afuna, koma munda usapite naye."

Pobwerera mnyamata uja sadayankhule kuyambira pa Chitakale mpaka ku Zomba. Alhamdulillah tidafika bwino. Pamene tikulemba izi munda sudapinyolitsidwe. Ndalama za nandolo wa chaka chino bambo ake aika padera kuti akalipire pasipoti, ndipo mnyamatayo akuphunzira kuwotcherera zitsulo pashopu ina ku Boma. Za ku Joni sadasiye, amatiuzabe kuti tsiku lake lidzakwana. Ife sitimutsutsa. Tikungopempha kuti likadzakwana, Insha Allah, adzafike kwa eni ndi kanthu m'manja, ndipo kumbuyo adzasiye pobwerera.